KUYESA MAU AKUTI "MALIRE NDI A AZUNGU"

Pali mau ena amene munthu sangathe sabata m'dziko lino la Chadiza osawamva. Amveka pa mowa, amveka pa maliro, amveka pa msika, ndiponso pabwalo la chalichi anthu ataweruka ku mapemphero. Mauwo ndi akuti, "Malire ndi a Azungu, ife Acewa ndife amodzi." Wonena mau amenewa sasowa omubvomereza. Akulu amagwedeza mitu, anyamata amaomba m'manja, ndipo nkhani imathera pomwepo ngati kuti mfumu yagamula.

Ine ndine kalaliki wa Boma, ndipo nchito yanga ya masiku onse ndiyo kuwerenga zimene ena alemba ndi kuziyesa ngati ziri zoona ndisanaziike m'faelo. Cifukwa ca cizolowezi cimeneci ndafuna kutenga mau okondedwa aja ndi kuwaika pa sikelo, monga acitira ogula cimanga ku depoti, kuti tione ngati thumba lonse ndi cimanga kapena pansi pake pali mcenga. Ndirikulembera makamaka inu amene mwatsiriza sukulu posacedwa, pakuti ndinu amene akulu a m'mudzi amakuitanani kuti muwawerengere makalata a Boma, ndipo cimene mudzawauza ndico adzacita.

Zoona zimene ziri m'mauwa

Ndiyambe ndi kubvomereza kuti cimanga cirimo, ndipo ncambiri. Palibe Mcewa amene anaitanidwa pamene Angelezi ndi Apwitikizi anapangana za malire ao pa 11 June 1891. Mzere umene utilekanitsa ndi abale athu a ku Tete unayamba kulembedwa pa mapu ndi anthu amene sanamwepo madzi a m'Kapoche, ndipo pamene unatsikira pansi unadutsa m'minda, m'madambo ndi pakati pa midzi ya anthu a mtundu umodzi. Malire a ku Malawi atsata msana wa mtunda umene ugawa madzi opita ku Nyanja ya Malawi ndi madzi otsikira ku Luangwa ndi ku Zambezi. Msana wotere suoneka ndi maso, ndipo mwana woweta mbuzi atha kuudutsa kawiri dzuwa lisanafike pamutu. Ife a Chadiza ndi anansi athu a ku Vubwi, amene anapatsidwa boma lao mu 2012, tikhala pa mphambano ya maiko atatu.

Ngakhale Kalonga Gawa Undi, amene mafumu athu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume amamgwadira, likulu lake lakale linali ku Mano, m'dziko limene lero ndi Mozambique, ndipo ufumuwo unasamukira mbali ino m'zaka za m'ma 1930. Mwambo wa Kulamba, umene unatsitsimutsidwa mu 1984, usonkhanitsa ku Mkaika m'mwezi wa August mafumu a maiko atatu, ndipo mu 2007 apulezidenti Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza anakhala pamodzi pa bwalo limenelo. M'masiku a Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, munthu wa ku Fort Manning, kumene lero ndi Mchinji, ankabwera ku Fort Jameson kudzagwira nchito ya fodya ali ndi citupa cake, osaganizako kuti walowa m'dziko la eni. Pa nthawi ya nkhondo ya Renamo, m'zaka za m'ma 1980, anthu a ku Mozambique anathawira m'midzi yathu, ndipo ambiri analandiridwa ndi abale ao Boma lisanatsegule malo a othawa nkhondo ku Ukwimi mu 1987. Tsono mauwa ali ndi mizu yake. Cibale ndi fupa, siciola.

Koma thumba tisalisoke msanga. Ndiyambe ndakusimbirani zimene zinaoneka m'banja lathu.

Za atate anga akulu

Amai anga akulu, mkulu wao wa amai ondibala, anakwatiwa ndi mmisiri wa matabwa wa ku Mchinji amene anabwera kuno m'zaka za m'ma 1970 ali mnyamata. Monga mwa mwambo wathu ndimawaitana atate. Anagwira nchito zaka zambiri ku Chipata, ndipo amene anawalemba nchito anawathandiza kupeza pemiti ya kukhala m'Zambia masiku onse, pamodzi ndi reji imene apatsidwa anthu a ku Malawi okhala kuno. Atapuma pa nchito anakhazikika m'mudzi wa akazi ao monga mkamwini. Zitseko za sukulu imene ndinayambira kuphunzira anapala ndi iwowa. Ana ao asanu ali ndi reji yobiriwira, pakuti mai wao ndi nzika.

Koma mwamuna wa Cicewa ali ndi makomo awiri. Kuno anali mkamwini. Kwao anali mwini mbumba, nkhoswe ya alongo ao ndi malume wa ana a alongowo. Caka cina m'mwezi wa March kunabwera uthenga wakuti mlongo wao wamkulu wadwala mwakayakaya. Anakwera basi, nadinditsa pasipoti pa cipata, napita. Matenda anatenga miyezi inai, kenaka maliro. Maliro atatha panabuka mkangano wa munda pakati pa ana a malemuwo, ndipo ndani akadaweruza koma malume? Mvula inawapeza komweko. Analima kuti ana amasiye asagone ndi njala, nadikira kukolola. Pamene anamanga katundu kuti abwerere, panali patapita caka ndi miyezi itatu.

M'miyezi yonseyi mtima unali kuwanong'oneza kuti pepala lija liri ndi malamulo ake, pakuti anakumbukira pang'ono kuti tsiku lolandira anauzidwa kanthu kena za kukhalitsa kunja. Koma akachula nkhawa yao pa bwalo, anzao ankawaseka, nati, "Aphiri, inunso? Malire ndi a Azungu. Kodi munthu apempha cilolezo kuti aike mlongo wake? Pobwerera mudzere m'thengo monga ticitira tonsefe."

M'thengo sanadzeremo, cifukwa anali okalamba ndipo katundu anali wolemera. Anafika pa cipata ali ndi mapepala awiri m'thumba la jekete, pasipoti ya Malawi ndi pemiti ya Zambia. Anandiuza kuti anaima pa mzere thukuta liri kamukamu, ngakhale unali mwezi wa June wa cisanu. Kodi aonetse pemiti, kuti wa pa windo awerenge madeti a zidindo nawalanda pomwepo? Kapena aibise? Atafunsidwa kuti, "Mulikupita kuti, atate, ndipo mukhala masiku angati?" anayankha kuti, "Ndikaona abale ku Chadiza." Anawadindira masiku 30 monga mlendo. Munthu amene anakhala m'dziko lino zaka zoposa 40, amene anamanga nyumba ya njerwa ndi kuika ana awiri m'manda a kuno, analowa ngati wodzaceza.

Patapita masabata atatu anabwera kunyumba kwanga usiku, nakhala pa mpando cipewa ciri m'manja. "Mwananga," anatero, "iwe udziwa za mapepala. Masiku anga atsala asanu ndi anai. Kodi ine ndine yani m'dziko muno?" Ine ndinati, "Atate, kodi pocoka munawatsazika a Boma ndi kalata?" Iwo anati, "Si anandidinda? Ndinayesa cidindo ndiko kutsazika."

Usiku umenewo ndi umene ndinayamba kuona mcenga m'thumba lija. Ndapezamo zolakwa zitatu.

Colakwa coyamba: mauwa asakaniza anthu atatu

Pa cipata ciri conse, kaya ndi pa Chanida popita ku Cassacatiza, kaya ndi pa Mwami pamene kuyambira December 2022 wapaulendo aima kamodzi m'malo mwa kawiri, lamulo liona anthu a mitundu itatu. Woyamba ndi nzika. Iyeyu atha kukhala ku Johannesburg zaka 20, koma tsiku limene abwera palibe angamtsekere khomo. Malamulo akulu a dziko, monga anakonzedwa mu 2016, ati munthu ndi nzika yobadwa ngati pa tsiku la kubadwa kwake mmodzi wa makolo ake anali nzika. Kubadwira pa nthaka ino pakokha sikukwanira. Waciwiri ndi mlendo. Iyeyu apatsidwa masiku owerengeka, osapitirira 90 pa miyezi 12, ndipo saloledwa kulembedwa nchito.

Wacitatu ali pakati pa awiriwa, ndiye wokhala ndi pemiti. Aloledwa kumanga, kulima, kugwira nchito, kutuluka ndi kulowa, koma saponya voti, ndipo cilolezo cake camangidwa pa cinthu cimodzi, ndico cakuti akhaledi kuno. Lamulo la za olowa ndi otuluka la 1965, ndi la 2010 limene linalowa m'malo mwake, onse awiri ananena kuti pemiti yotere itha mphamvu ngati mwini wake akhalitsa kunja kupitirira miyezi yoikika osadziwitsa a ofesi ndi kalata kuti adzabwera. Cidindo ca pa cipata cingonena tsiku limene munthu anatuluka. Sicinena kuti nyumba yake ikali kuno, kapena kuti alinga kubwerera.

Musayese kuti ici ndi nkhanza ya dziko lathu lokha. Ku Canada wokhala ndi cilolezo cotere ayenera kupezeka m'dzikomo masiku 730 pa zaka zisanu ziri zonse. Ku Britain cilolezo ca kukhala masiku onse cimafa munthu akakhala kunja kupitirira zaka ziwiri zotsatana. Miyezi isiyana, koma ganizo ndi limodzi: malo amene wapatsidwa cifukwa ulikukhalapo, ukawasiya osanena kanthu eni ake ayesa kuti wasamuka.

Tsono mau akuti "tonse ndife amodzi" afafaniza kusiyana kumeneku. Kwa nzika mauwa alibe ngozi, ndipo ncifukwa cake nzika ndizo ziwanena mokweza. Kwa mlendo wa masiku awiri ngozi ndi yaing'ono. Wolumidwa ndi wacitatu uja, amene ali ndi kanthu koti ataye. Amene anawaseka atate anga pa bwalo anali m'dziko lao, ndipo panalibe mmodzi mwa iwo amene anali ndi pemiti yoti imufere m'thumba.

Colakwa caciwiri: mauwa ayesa cathu comwe cacilendo

Onena mauwa amafuna tikhulupirire kuti kutsazika Boma ndi mwambo umene unabwera pa sitima. Apa mpamene ndikana kwambiri. Taganizani za mkamwini. Iye si mwini mudzi, komanso si mlendo uja amene akulu amati ndi mame, sacedwa kukamuka. Apatsidwa malo omangapo, munda ndi pokhala pa bwalo, ndipo akakhala bwino ndi anthu atha kukalamba pomwepo ali wolemekezeka. Koma kukhala kwake kuli ndi mangawa. Alima, amanga nkhokwe, apezeka pa maliro, ndipo akafuna ulendo wautali atsazika apongozi ndi ankhoswe, nanena kumene alikupita ndi mwezi umene adzabwera. Akacedwa atumiza mau, kapena nsalu, kapena sopo, kuti adziwe kuti sanataye banja.

Nanga mkamwini amene acoka mbandakuca osalankhula, mvula nigwa kawiri iye osatumiza ngakhale mcere, akabwera apeza ciani? Tonse tidziwa. M'masiku a machona, pamene amuna ankapita ku Harare, ku Wankie ndi ku Joni, mabwalo a mafumu anathetsa maukwati ambiri pa cifukwa cimeneci, ndipo palibe amene anaimirira kunena kuti ciweruzoco ndi ca Azungu. Anthu ankati, "Anacoka osatsazika, anakhala osatumiza mau, ticite ciani?"

Wokhala ndi pemiti ndiye mkamwini wa dziko. Lamulo limene limkhudza ndi lomwelo limene agogo athu ankalisunga Mzungu asanaponde kuno. Cimene casintha ncakuti apongozi atsopanowa samva mau a pakamwa. Afuna kalata, ndipo awerenga miyezi pa kalendala m'malo mwa kuwerenga mvula. Atate anga sanayambe apita ngakhale ku Katete osatsazika amai. Akadapezeka munthu wowafotokozera pemiti yao m'mau awa a cikamwini, kalata ija akadailemba asanakwere basi. Mau aja anawabisira cinthu cimene anali kucidziwa kale kuyambira ubwana wao.

Colakwa cacitatu: mauwa atonthoza pamene pafunika kucenjeza

Mau okoma aja amatiiwalitsa kuti pepala likhoza kugwetsa ngakhale mtengo waukulu. Kenneth Kaunda anabadwira ku Lubwa, m'dera la Chinsali, mu 1924, nalamulira dziko lino zaka 27. Koma popeza makolo ake anacokera ku Nyasaland, malamulo a 1996 anamtsekera njira ya kupikisananso pa upulezidenti, ndipo mu 1999 khoti lalikulu la ku Ndola linagamula kuti sanali nzika ya Zambia, munthu nasanduka wopanda dziko kufikira mlanduwo unatha mu 2000. Mu 1994 William Banda, amene anakhalapo gavanala wa boma la Lundazi, ndi John Chinula, onse awiri a cipani ca UNIP, anapitikitsidwa kupita ku Malawi ponenedwa kuti si nzika. Khoti la ku Malawi nalo linapeza kuti si anthu a kumeneko. Chinula anamwalira komweko mu 1998, ndipo mu 1999 bungwe la Afrika loona za ufulu wa anthu linagamula kuti Zambia inawalakwira.

Milandu imeneyi inali ndi ndale mkati mwake, ndipo sindirikunena kuti anthuwa ananyozera mapepala ao. Cimene ndifuna muone ndi ici: pamene tsiku loipa linafika, palibe amene anapulumuka ponena kuti malire ndi a Azungu. Ngati anthu omveka otere, okhala ndi maloya ndi abwenzi m'maiko akutali, anazunguzika cotero, nanga mmisiri wa matabwa wa m'mudzi?

Ndipo kodi Azunguwo ali kuti? Malawi inalandira ufulu pa 6 July 1964, Zambia pa 24 October 1964, Mozambique pa 25 June 1975. Mu July 1964 ku Cairo atsogoleri a Afrika eni ake anapangana kuti adzasunga malire monga anawapeza, poopa kuti kuwasuntha kungadzetse nkhondo zosatha. Amene aima pa cipata lero ndi ana athu, olankhula Cinyanja, ndipo malamulo amene asunga anapangidwa ku Lusaka, ku Lilongwe ndi ku Maputo. Amene anaswa mphanje ndi wina, inde, koma munda ndi wa amene alikulima.

Mlandu wa olemba mabuku ndi wa ife akalaliki

Sicikadakhala cilungamo kuti ndidzudzule anthu a pa bwalo okha. Mau olakwa amamera pamene mau oona sanabzalidwe, ndipo obzala anayenera kukhala awiri.

Oyamba ndi olemba athu a Cinyanja. Iwowa anatisimbira bwino za munthu wopita. Buku la Samuel Ntara lochedwa Nthondo, limene linatuluka mu 1933, linatsata moyo wa Mcewa mmodzi kuyambira ubwana wake, pamodzi ndi ulendo wake wokafuna nchito kutali, ndipo m'mbuyo mwake munadza nthano zambiri, za m'mabuku ndi za pa wailesi, za mchona amene abwera ndi sutikesi ndi njinga, kapena abwera cimanjamanja ndi cifuwa. Nthano zimenezi ndizilemekeza. Koma m'zonse zimene ndinawerenga ku sukulu ya mishoni sindinapezemo munthu wokhala, amene anabwera nakhazikika, nabala ana, koma mpando wake ukali wobwereka. Ndipo m'nthano za pakamwa, malire akachulidwa, amakhala malo oonetserapo kucenjera: wapaulendo ndiye Kalulu, msilikali ndiye Fisi, ndipo omvera aseka pamene Kalulu wadzera kuseri. Komatu Kalulu alibe nyumba ya njerwa, alibe mkazi wokalamba, alibe ana a sukulu. Amadya lero, mawa ali kwina. Kuphunzitsa nzeru za Kalulu kwa munthu amene ali ndi zonsezi ndiko kumponya m'mbuna.

Aciwiri ndife a m'maofesi, ndipo ine ndiri m'gulu lomwelo. Malamulo alembedwa m'Cingelezi ca makhoti, cimene ngakhale wotsiriza Giredi 12 acita naco thukuta. Munthu auzidwa mangawa ake kamodzi, pa tsiku lolandira pepala, pamene mtima wake uli pa cimwemwe ndipo makutu samva bwino, ndipo pambuyo pake papita zaka 30 wosamkumbutsa. Ifenso tiri ndi cizolowezi coyankha funso limene tafunsidwa lokha, ndi kuyankha maso ali pa faelo. Tiiwala kuti munthu wamantha safunsa, ndipo amene afunikadi thandizo ndiye amene aopa kutsegula pakamwa. Kapepala kamodzi ka Cinyanja kopacikidwa pa cipata ndi pa bwalo la mfumu, konena kuti, "Wokhala ndi pemiti, ukafuna kukhalitsa kunja yamba walemba kalata," kakadapulumutsa mabanja ambiri. Dziko limene litha kulengeza za katemera wa ng'ombe m'cinenero ca anthu litha kulengezanso izi.

Mau ena a mbali ina

Wina angayese kuti popeza ndatsutsa mau aja, ndiye kuti ndiri mbali ya amene amati, "Mlendo ndi mlendo." Iai. Mau awanso ndawayesa, ndipo ndapeza kuti mcenga wake uposa wa oyamba aja. Samveka pa nthawi ya mtendere. Amveka pamene wina akhumbira dimba la mnzake, kapena pamene mkazi wamwalira ndipo abale afuna nyumba ya malata imene mkamwini anamanga. Pamenepo munthu amene dzulo anali "atate" asanduka "wa ku Malawi uja" kapena "Mpwitikizi uja." Cozizwitsa ncakuti kawirikawiri pakamwa pamene panatuluka mau oyamba aja pa mowa ndi pomwepo patuluka aciwiriwa pa mlandu. Mau onse awiri ndi aulesi, pakuti onse apulumutsa wonena ku nchito yofunsa kuti munthu uyu ali pati m'lamulo, ndipo tingamthandize bwanji kuti akhale mosatekeseka.

M'mene nkhani inathera

M'mawa mwake ndinapempha cilolezo ku nchito, ndipo tinapita ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka masiku a cidindo asanathe. Ndinawapempha atate kuti anene zonse monga zinacitikira, ngakhale zakuti anabisa pemiti. Tinatenga kalata ya nyakwawa ya kwao yonena za matenda ndi maliro, kalata ya nyakwawa ya kuno, mtsiriziro wa zonse setifiketi ya ukwati ndi mareji a ana. Amene tinawapeza anamvetsera mofatsa, koma anatiuza zoona kuti mau amene atate ananena pa windo analemeretsa mlandu, pakuti munthu amene wadzicha yekha mlendo wacitira umboni wotsutsa nyumba yake. Pemiti yakale sinauke. Patapita miyezi, ndi maulendo atatu a ku Chipata, ndi ng'ombe imodzi imene inagulitsidwa, anapatsidwa pemiti ya munthu wokwatira nzika, imene iri ya zaka zowerengeka ndipo ifuna kukonzedwanso. Tsopano kukhala kwao kwatsamira pa ukwati wao ndi amai, amene naonso akalamba. Asanduka mkamwini kawiri.

Cimene cimandiwawa ncakuti khomo labwino linali lotsegula zaka zonsezi. Malamulo akulu a dziko alola munthu amene wakhala kuno zaka 10, kapena amene wakhala pa ukwati ndi nzika zaka zisanu, kupempha kuti alembedwe unzika. Kale atate ankaopa kuti kutero ndiko kutaya kwao ndi mbumba yao, koma mu 2016 Zambia inalola unzika wa maiko awiri, ndipo Malawi inatsatira posacedwa. Palibe amene anawauza, ndipo iwo sanafunse, popeza anali kumva masiku onse kuti mapepala ndi cabe. Tsopano ndipo tayamba kuyenda njira imeneyo, imene tikadaiyamba kale mosabvuta.

Inu amene mwacoka ku sukulu, m'midzi yanu muli anthu otere, amuna ndi akazi, ena ocokera ku Mchinji ndi ku Dedza, ena ocokera ku Chifunde ndi ku Macanga. Akakupatsani pepala lao kuti muwerenge, yambani mwaona kuti ndi la mtundu wanji mwa itatu ija. Ngati ndi pemiti ya kukhala, ndipo alinga ulendo wa matenda kapena wa maliro umene sudziwika tsiku lothera, pitani nao ku ofesi asanacoke, mufunse miyezi imene aloledwa, mulembe kalata yotsazika, ndipo ina yofanana nayo, yodindidwa, isungidwe m'nyumba. Akacedwa kumeneko alembenso. Asadzere m'thengo, pakuti njira ya m'thengo siisiya umboni wa tsiku limene munthu anabwerera. Pa windo anene zoona ndi kuonetsa mapepala onse, cifukwa wocedwa pa cifukwa ca maliro ali ndi ponena, koma wonama wadzitsekera yekha pakamwa. Ndipo ngati zaka zao zakwana, alimbikitseni kupempha unzika akali ndi mphamvu zoyenda.

Tsono mau aja ndiwaweruza motere. Theka lake lotsiriza ndi cimanga cabwino, tilisunge m'nkhokwe, pakuti ndi limene linatsegulira othawa nkhondo zitseko zathu ndipo ndi limene litisonkhanitsa ku Mkaika. Theka loyamba ndi mcenga, tiupete. Tikafuna mau oti tiziombera m'manja pa bwalo, tiziti, "Acewa ndife amodzi, koma wocoka atsazike." Atate anga akulu ndiwo anandipatsa mau otsiriza pamene tinali kubwerera ku Chipata ulendo wacitatu. Anayang'ana pepala lao latsopano nthawi yaitali, nalipinda bwino, nati, "Mwananga, akulu sananame. Safunsa anadya phula."